Anthu omutembenuza

Chimfine chija chitalowa m'nyumba, chinagwetsa amuna awiri: a telala ndi bambo awo okalamba. Mkazi wa a telala sanavutike kusankha woti athamange naye kuchipatala. Apongozi akewo anali mafupa okhaokha. Koma amuna ake, ha! Munthu wodzaza chitseko, amene anachita kuwotcheretsa mpando wachitsulo wa pamakina, wamatabwa utathyoka. Thupi lonse lija chimfine chingalitani? Mayiyo ndi amene analimanga ndi mapoto ake, ndipo ankanyadira anzake akamamunena kuti amadziwa kusamala mwamuna.

Nkhalamba ija inagonekedwa, n'kutuluka ili gwa, ikudandaula za ndiwo zopanda mchere. A telala anatsala akusokabe mayunifolomu a ana a sukulu, kutsokomola, kumati n'zazing'ono izi. Mayiyo anawatengera kuchipatala tsiku limene anakanika kumaliza mawu osapumira kaye, milomo itada.

Dokotala sanazungulire. Anati kunenepa si mphamvu ayi: mafuta ochuluka amafooketsa chitetezo cha m'thupi, kachilombo n'kumaswana momasuka, uku mimba ikupanikiza mapapo. Anafunsanso chimene anachedwera. Mayiyo anangoti zyoli ndi manyazi.

Mpweya wa m'botolo sunkakwanira. Nesi anati chatsala n'kuwagoneka chafufumimba kuti mapapo apeze malo. Koma m'wodimo manesi analimo awiri okha, ndipo atayesa, bedi linangolira, wodwala osasuntha. Anauza mayiyo kuti aitane achibale amphamvu, msanga.

Anaimbira alamu ake onse. Wina abwana anamukaniza, wina anali panjira, wina foni sinkapezeka. Mayiyo anakhala pambali pa bedi atagwira chala cha amuna ake chokhakhala ndi sizasi. A telala ankayesa kunena za mayunifolomu osamaliza aja, mawu akuthera m'chophimba pakamwa.

"Musalankhule, bambo a mwana. Akubwera."

Kenako manesi anamutulutsa n'kukoka katani. Anaima m'khonde, akumva makina akulira mkatimo, osadziwa poika manja.

Alamu aja anafika limodzi, thukuta kamukamu, akupinda mikono ya malaya. Mayiyo anathamanga kukagogoda kuti anthu aja afika. Nesi anatuluka pang'onopang'ono, akuvula magolovesi, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

"Pepani, mayi," anatero. "Abambo inu musachoke, tifunabe manja anu. Koma si zowatembenuzanso ayi. Mutithandize kuwakweza pa tolole yopita ku nyumba ya chisoni."