Malume ndi Mbewa Zoyera

Mchemwali wanga ndi wasayansi. Kuntchito kwawo amapanga timibulu ta pulasitiki tosaoneka ndi maso, tomwe akatibaya m'magazi timagwira poizoni ngati mmene amachitira asilikali a m'thupi.

Malume atamva zimenezi, anavala jekete n'kupita ku labotale. Anam'peza mchemwali atavala magolovesi, akubaya mbewa yoyera yomwe anali ataipatsa ululu wa njuchi.

"Mwanawe, ndibaye inenso," anatero malume akupinda malaya. "Adokotala akuti mowa ndi poizoni. Ndiye iwe uzichotsa poizoniyo, ine ndizimwa."

"Malume, timeneti timagwira ululu wa njuchi wokha. Komanso pa munthu sitinayesepo, tikadali pa mbewa."

"Mbewa? Kodi inakubereka kumsana uli khanda ndi mbewayi?"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Asanaweruke n'komwe, mchemwali analandira foni kuchokera kwa amayi.

"Zoona ukuchiza makoswe, mlongo wanga n'kumubweza? Sukulu imeneyi yakuwononga!"

Mowa malume sanasiye. Aliyense wowadzudzula amamuuza kuti mankhwala alipo kale m'banja mwathu, akungodikira kuti mzere wa mbewa uthe.