Kuika a Fanizo ku Selous

A Fanizo Phiri anamwalira chimanga chitayamba kumasula, m'kachipinda ka mwana wawo Rabeka ku Chinengundu, m'tauni ya Chegutu. Anadwala nthawi yaitali, ndipo chakumapeto pempho lawo linali limodzi lokha: akawaike pafupi ndi akazi awo a Tabitha, pa pulazi ya ku Selous.

Pulaziyo ndiyo inali mudzi wawo. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, kutsatira amalume awo amene ankagwira ntchito ku migodi ya Gadzema. Pansi pa nthaka sanapakonde, choncho anakalowa ntchito yolima fodya kwa mzungu ku Selous, nakwatira komweko, naberekera komweko. Ku Ntcheu sanapondekonso. Mapulazi atayamba kulandidwa, mzungu anachoka, malo anagawidwa kwa anthu ena, ndipo antchito a pakomboni anauzidwa kuti abwerere kwawo. A Fanizo anafunsa kuti kwawoko ndi kuti, koma palibe anawayankha. Rabeka, amene ankagulitsa tomato ndi masamba m'mbali mwa msewu, ndiye anabwera kudzawatenga pa lole ya mnzawo wa kutchalitchi.

Pamaliro, mlongo wake wa Rabeka, Horace, anafika kuchokera ku Gadzema kumene ankakumba golide. Chichewa ankachimva bwino koma ankayankha m'Chishona.

"Achemwali, tiwaike muno m'tauni," anatero. "Kuja kuli eni ake tsopano. Akationa adzati tabwera kudzafuna malo."

"Ababa sanapemphe malo olima," Rabeka anayankha. "Ndikapemphe kaye. Akakana, ndiye kuti akana."

M'mawa mwake anakwera kombi ya ku Harare, natsikira pa Selous, nayenda wapansi. Pakomboni anapeza nyumba zitagwa, zigafa za fodya zilibe madenga. Njira ya kumanda inali italowa m'munda wa munthu. Anadutsa m'chimangamo akuganiza kuti apeza mitumbira italimidwa. Koma pansi pa mitengo ya mthethe panali polambula bwino. Ngakhale mtanda wa mayi ake, umene unali utapendekeka kale, wina anali atauwongola.

Akadali chiimire, panatulukira mayi wina wamng'ono msinkhu, khasu lili paphewa. Analonjerana m'Chishona. Dzina lake anali Nyaradzo, ndipo mundawo unali wa iye ndi mwamuna wake Ngonidzashe. Rabeka atafotokoza chimene anadzera, Nyaradzo anatula khasu, namugwira dzanja kumupepesa, napita naye kunyumba.

Ngonidzashe anali akukonza goli la ng'ombe pakhomo. Kale ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu ku Kadoma, ndipo ntchito itatha anabwera kudzayesa ulimi. Anamvetsera nkhani yonse maso ali pansi.

"Amai, ndakumvani, ndipo pepani," anatero. "Koma komiti ya kuno inalamula kuti a pakomboni asaikidwenso pano. Akuti manda amabweretsa milandu ya malo. Ndikalola, mundawu andilanda. Ana anga ndipita nawo kuti?"

Rabeka sanatsutse. Ankadziwa mmene kuthamangitsidwa kumawawira. Anathokoza, nayamba kumanga chitenje kuti azipita.

"Baba, tayambani mwawauza za Zoe," anatero Nyaradzo.

Kenako Nyaradzo anafotokoza yekha. Chaka chimene anafika pamalopo, mwana wawo wakhanda, Zoe, anadwala m'mimba namwalira. Mafuta a galimoto kunalibe m'dziko lonse, ndipo kwawo ku Gokwe kunali kutali. Anamuika kumapeto kwa manda omwewo.

"Sitinapemphe munthu aliyense," anatero Nyaradzo. "Tinangofika ndi kumugoneka pakati pa anthu anu. Ndikamalambula pa mwana wanga ndimalambula ponse, chifukwa ndi amene akundisungira. Lero mwini wake wabwera kudzapempha, ife tikane?"

Ngonidzashe anaika goli lija pansi, nafunsa dzina la malemu.

"A Fanizo Phiri."

"Phiri," anabwereza. "Kuno a Phiri timawawerengera ku mtundu wa Soko. Inenso ndine Soko." Anapukuta manja m'buluku. "Bwerani nawo mawa. Dzenje ndiyamba ndine."

Tsiku la maliro lole inafika itadzaza: amayi a Mvano atavala zoyera, madoda amene anagwira ntchito ndi malemu, ena ochokera ku Kadoma, ena ku Norton. Ambiri anali asanapondepo pamalopo chichokere. Potsika, gogo wina dzina lake Felista anapita molunjika pamtumbira wa mwamuna wake, nakhala pansi, osalira, akungosisita dothi.

Horace analowa m'dzenje kulandira piki kwa Ngonidzashe. Sanalankhulane zambiri. Wina akatopa, mnzake ankalowa.

Akumaliza kukumba, panafika wapampando wa komiti, bambo wamtali wa chipewa chachikulu, ndi anthu ena awiri. Nyimbo inazilala.

"Ngonidzashe, ukuika ndani m'munda muno?" anafunsa wapampandoyo.

"Sekuru anga," anayankha Ngonidzashe, kutanthauza agogo ake. "A Soko."

"Soko wa ku Malawi?"

"Phiri ndi Soko, funsani wamkulu aliyense. Ine wachibale wanga sindingamubweze ndi bokosi."

Wapampandoyo anayang'ana bokosi, nayang'ana khamu la anthu. Rabeka anaona Horace akufinya mpini wa fosholo, ndipo anamugwira mkono. Pamenepo gogo Felista, ali chikhalire pamtumbira paja, anayambitsanso nyimbo, amayi ena nalandira. Kukangana pamaso pa maliro kunali kovuta. Wapampandoyo anavula chipewa, naima mpaka bokosi litatsika. Pochoka anauza Ngonidzashe kuti nkhaniyo sinathe.

Ataika, Nyaradzo anaphika sadza, nsima ya kumeneko, ndi masamba a maungu, anthu nadya pansi pa mtengo. Horace anadya mbale imodzi ndi Ngonidzashe, akumulozera pamene panali sitolo ya pulazi ndi bwalo limene ankasewerapo mpira ali mwana.

Nkhani sinathedi. Ngonidzashe anaitanidwa kumsonkhano, nadzudzulidwa pagulu, ndipo dzinja lotsatira, anzake akulandira mbewu ndi feteleza, iye anabwera chimanjamanja. Munda wokha sanamulande. Iye sanauze a ku Chinengundu za zimenezi. Rabeka anazimva kwa mayi wina wa ku Selous amene anakhala naye mpando umodzi m'kombi.

Lamlungu lake Rabeka anaimirira m'tchalitchi nafotokozera mpingo. Nthawi inali yovuta, m'masitolo munalibe kanthu, koma anthu anabweretsa zimene anali nazo: wina kambale ka chimanga cha makolo, wina nyemba, wina mtedza. Anazithira m'thumba, Horace nalisenza mpaka ku Selous, ndipo anakhalako mpaka kubzala kutatha.

Chimanga cha chaka chimenecho sichinachite bwino kwenikweni, popeza mvula inadula msanga. Nyemba ndi mtedza ndizo zinabereka. Kuyambira pamenepo Nyaradzo amabwera ku Chegutu ndi dengu la masamba, Rabeka namugulitsira pa tebulo lake. Mvula ikamutsekereza amagona ku Chinengundu, ndipo ana a m'nyumbamo amamutcha maiguru, ngati mkulu wa mayi awo, ngakhale kuti Rabeka ndiye wamkulu.