Lipoti Limene a Selina Anataipa

A Selina atamaliza buku limene mwana wawo Mayeso anawabweretsera ku Nsaru, analiponya pampando. Inali nkhani ya kampani imene inabisa chimene chinapha wantchito, mpaka mlembi wa bwana anaimirira m'khoti n'kuulula zonse.

"Mwalikonda, amayi?" anafunsa Mayeso.

"Wolembayu sanalembedwepo ntchito," anayankha mokalipa. "Mlembi amangotaipa, n'kuweruka."

Mayeso anaseka, osadziwa kanthu. Zaka makumi awiri zapitazo, a Selina ali mlembi pakampani ina ya fodya m'tauni, makina owonongeka anapha a Yesaya a m'mudzi mwawo momwemo. Bwana analamula kuti lipoti linene kuti malemuwo anali ataledzera. A Selina anataipa, akudziwa kuti munthuyo sanalawepo mowa chibadwire. Mpingo unakana kuimba pamaliro.

Pakhomo panamveka odi. Anali a Eunice, mkazi wa malemu aja, kudzawatenga kuti apite ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi monga Lachinayi lililonse.

"Kodi mukulirira buku?" anatero a Eunice, akuwapukuta misozi ndi chitenje. "Inutu mtima wanu ndi wabwino. Ndinu nokha amene simunanditonzepo kuti ndinakwatiwa ndi chidakwa."