Kuunika Nkhope ya a Wilbroad

Tsiku limene a Wilbroad Kabamba anaikidwa m'manda, abale awo anafika kunyumba ya malemuwo ku Libala ndi lole. Ananyamula mipando, firiji, mabulangete, ngakhale zipande za kukhitchini. Buku la zithunzi linapita nawo, osati kuti ankalifuna, koma chifukwa linali m'kabati ndipo kabatiyo inkapita. Anthu opanda manyazi amenewo anasiyira mkazi wamasiye, a Rhodah, mphasa, mwana woyamwa, ndi chithunzi chimodzi chimene chinabisala m'Baibulo: a Wilbroad atakhala pabedi, matenda a zaka zija atawadya n'kutsala mafupa okhaokha.

Mwanayo, Salifyanji, anakula n'kuphunzira ntchito imene amayi ake sankaimvetsa. M'kaofesi kena m'tauni, pamwamba pa sitolo ya nsapato, ankaumba anthu pakompyuta, anthu osabadwa amene amamwetulira pazikwangwani zotsatsa sopo. Chaka chimene anakwanitsa zoika mwala pamanda, a Rhodah anati pamwalapo pakhale nkhope ya mwamuna wawo, koma osati ya m'Baibulo ija.

"Iwe upanga banthu," anatero. "Nipangile batate bako mwamene benzelili basanadwale. Benze bonenepa, bowama. Nifuna nibaoneko futi."

Salifyanji sankawakumbukira bambo ake n'komwe. Anatenga mafupa a pachithunzi chija n'kuyamba kuwaveka mnofu. Anadzaza masaya, anakweza mapewa, mphuno anabwereka yake yomwe poti anthu ankati ndi ya bambo ake. Pogwira ntchitoyo anayamba kuikonda nkhopeyo, ndipo m'mawa akayatsa kompyuta ankaipatsa moni chamumtima.

Koma kuumba ndi theka chabe la ntchito. Munthu wa pakompyuta amakhala mumdima mpaka utamuikira nyali, nyali zosagwirika zimene umasuntha ndi chala. Zimene zimabwera zokonzeratu anazikonzera khungu la azungu, munthu wakuda ukamuunika nazo amatuwa mbuu ngati wasamba osadzola. Salifyanji anazitaya n'kuika zake: yaikulu yofunda kumanja, yaing'ono kumanzere yofewetsa mithunzi, ina kumbuyo yoti mutu usamire m'nsalu yabuluu imene inali kuseri kwake. Khungu linawala bwino, m'maso mukuphethira kakuwala ka munthu wamoyo.

Loweruka a Rhodah anakwera minibasi n'kubwera kuofesi. Anakhala pampando wozungulira mwamantha, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Salifyanji anatembenuza sikirini ya kompyuta.

Amayiwo anayang'ana nthawi yaitali. "Ni munthu wowama," anatero. "Ni ndani?"

Mawuwo anamulasa Salifyanji, koma anadzilimbitsa. Mwina vuto linali kumbuyo. Anachotsa nsalu yabuluu n'kuika munda wa maluwa ndi udzu wodulidwa bwino.

"Uko ni ku Kabulonga, kwa bolemela," anatero a Rhodah. "Ise sitinankhaleko."

Anaika chipinda cha mabuku, amayi anapukusa mutu. Anaika khoma la njerwa la nyumba ya ku Libala, limene anakalijambula yekha ndi foni, ndi zenera lake lachitsulo lomwe.

"Nyumba ni yamene iyo. Koma munthu si beve."

"Ba mayo, niuzeni chabe chamene chalakwika. Ni maso? Ni pakamwa?"

"Siniziba, mwana wanga."

Salifyanji anasinthasintha nyali mpaka dzuwa linapendeka. Anaifunditsa, anaiziziritsa, anaitsitsa, anaikankhira kutali. Nkhope inkasintha ulendo uliwonse, mwina kuoneka ngati mphunzitsi, mwina ngati m'busa, koma a Rhodah ankangoti si iwowo. Mtsikanayo anakwiya, ndipo anachita manyazi ndi mkwiyo wakewo. Amene anawakwiyira kwenikweni anali anthu a lole aja, ena a iwo anali atafa kale, ena ankamupatsa moni kutchalitchi ngati palibe chinachitika.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi njira yawo zinthu zikasokonekera: umazimitsa nyali zonse, n'kumayatsa imodziimodzi kuti uone imene ikuwononga. Salifyanji anachotsa khoma lija, kumbuyo kunangotsala kotuwa. Anazimitsa zonse, sikirini inada bii. Kenako anayatsa imodzi yokha, imene anaisiya pamwamba pa mutu posinthasintha paja, yowawa ngati babu la m'chipatala.

Mnofu wonse umene anaumba uja unathawa. Mithunzi inagwera m'maso n'kukhala maenje, masaya anaphwa, mafupa a pachithunzi chakale anatulukira pansi pa khungu. Anatambasula dzanja kuti ayatse nyali yachiwiri msanga, koma amayi ake anamugwira pamkono mwamphamvu.

"Leka," ananong'ona. "Ni beve aba."

"Ba mayo, iyi ni nyali chabe. Sininasilize."

"Ni beve. Bashi Sali, batate bako."

A Rhodah anasendera pafupi n'kugwira galasi ndi nsonga za zala. Misozi inatsika osaipukuta. Salifyanji anamvetsa tsopano. Mayi ameneyu anasambitsa nkhope yodwalayo, anaidyetsa phala, anaitseka maso, kenako zaka zonsezi anaiyang'ana m'Baibulo. Inali itafufuta m'mutu mwake nkhope yathanzi ija mpaka kutheratu.

"Nenze kuganiza nikabaona nizabaziba," anatero a Rhodah. "Nikayesa kukumbukila pa ukwati wathu, niona suti, niona nsapato. Pa nkhope pabwela aba."

Salifyanji ankayembekeza kuti tsiku limenelo munthu mmodzi amuuza kuti bambo ako anali awa. Munthuyo anali pambali pake, ndipo sankadziwa. Padziko panalibenso wina woti n'kumufunsa.

A Rhodah anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuimirira.

"Pa mwala uike uja wowama, banthu baone. Aba unichosele pa pepa, nibatenge kunyumba."

"Uja wowama simumuziba, ba mayo."

"Nabo banthu sibazamuziba."

Salifyanji anatembenukira kusikirini. Kenako anatumiza nkhope yamaenje ija ku makina osindikizira, ndipo awiriwo anaima pambali pake kudikira kuti pepala lituluke.