Ndinati Amamwa

Ababa anga, a Vincent, ananyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ine ndine Emma, mwana wawo wachitatu, ndipo m'banja mwathu ndine ndekha amene ndinafika Fomu 4. Ndikulemba izi chifukwa pakamwa zimandikanika. Ngakhale kusukulu, aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana desiki, yankho ndikulidziwa.

Chaka chatha, mayeso anga atangotha, ababa anayamba kubanika. Akakwera kamtunda kochokera kumtsinje ankafika pakhomo ali wefuwefu, ndipo madzulo nsapato zinkawathina. Amayi amathyola tiyi ku esiteti, sangajombe wambawamba, choncho ine ndi amene ndinawaperekeza kuchipatala.

Adokotala anali mayi wamfupi wovala magalasi. Anawamanga chopimira pamkono, n'kuwerenga, n'kubwerezanso. Anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mtima wayamba kutopa. Anawalembera mapiritsi a mitundu iwiri. Kena koyera, kakang'ono, anati ndi kochotsa madzi m'thupi, kumwa m'mawa uliwonse.

"Iwe ndiwe wophunzira," anatero akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Uziwakumbutsa."

Masabata awiri oyamba ankamwa, ndipo miyendo inaphwa. Vuto linali kuphiri. Kapiritsi koyera kaja kankawatayitsa madzi pafupipafupi. Munthu wonyamula katundu akamakwera ku Chambe, pamwamba pa phirilo, amakhala ndi chikwama cholemera kumsana, alendo ali pambuyo pake. Iye akaima, onse aima. Atule chikwama, alowe patchire, abwere, asenzenso, anthu akumudikira.

Ine sindikanadziwa zimenezi. Tsiku lina m'mawa ababa anaiwala chinangwa chawo chophika, ndiye ndinawathamangira nacho ku Likhubula, pansi pa mitengo pamene onyamula katundu amadikirira alendo. Ndinafika iwonso akungofika.

"A Mpopi afika!" anakuwa a Pilato, mnzawo wa ababa kuyambira ali anyamata. "Lero tikaima kangati, achimwene? Dzana ndinawerenga, kasanu ndi kawiri! Mzungu wamkazi uja mpaka anandifunsa ngati muli ndi dimba kumeneko lomwe mukuthirira."

Onse anaseka.

"Iwe Pilato, mphamvu zako zili pakamwa basi," ababa anabweza, nawonso akuseka. "Chikwama umasankha cha mwana."

"Cha mwana chomwecho chimafika msanga, a Mpopi!"

Kenaka ababa anatembenuka n'kundiona nditaima ndi kambale. Kuseka kunawathera pomwepo. Kwathu mwana wamkazi sayenera kumva zotero za bambo ake, ndipo bambo sayenera kudziwa kuti wamva. Ndinagwada, ndinapereka chinangwa, ndinabwerera osayang'ana munthu.

Sabata yomweyo ababa anabwera kunyumba kawiri dzuwa likadali m'mwamba. Otsogolera alendo anayamba kuwadumpha n'kumatenga anyamata. Tsiku lachiwirilo anandiitana pakhonde amayi asanaweruke.

"Emma, foni yakoyo akuti imadziwa zonse."

"Zina, ababa."

"Ufufuze mankhwala achilengedwe a mtima. A masamba. Awa akuchipatalawa akundichotsera ulemu."

Ndinene zoona: ndinakondwa. Chiyambire sukulu, aka kanali koyamba ababa kufuna chinthu chochokera m'maphunziro anga. Ndinakhala pa mwala kuseri kwa nyumba pamene foni imagwira bwino, n'kupeza tsamba lina lachingerezi pa intaneti. Linanena za adyo, jinja ndi mandimu. Linanena za madzi a masamba a mapeyala, za kufukiza masamba a bulugamu chifuwa chikathina, za kupuma mokoka mpweya pang'onopang'ono kuti mtima ukhazikike, za kuchepetsa mchere. Ndinakopera zonse m'kope langa lakale la bayoloje, n'kuwamasulira ababa mzere ndi mzere.

Kumunsi kwenikweni kunali mzere wina wa zilembo zing'onozing'ono. Unati munthu asasiye mankhwala amene adokotala anamupatsa asanawafunse. Ndinauwerenga. Ndinaumva bwinobwino, chifukwa chingerezi ndinkakhoza. Koma ababa anali akugwedeza mutu, nkhope yawo itamasuka, ndiye mzere umenewo sindinaumasulire.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkasinja adyo ndi jinja m'kamtondo, kufinyiramo ndimu, kuthira madzi ofunda. Masamba a mapeyala ndinkathyola kuseri kwa khola n'kuwiritsa mpaka madzi afiire ngati tiyi. Loweruka ankadzifunditsa bulangete pa mphika wa bulugamu, n'kutulukamo thukuta lili kamukamu, akuti, "Eya, apa ndiye chifuwa chatseguka." Mwina chinkatsegukadi pang'ono. Za mchere zokha ndi zimene anakana. Anati munthu wosenza katundu sadya ndiwo zozizira ngati wodwala.

Mapiritsi anawaika m'chitini cha mbewu ya nandolo, pamwamba pa khoma.

"Amayi ako asadziwe," anandiuza. "Ali ndi zawo zowadetsa nkhawa."

Amayi ankaganiza kuti zanga za masambazo ndi zongowonjezera pa zakuchipatala. Mpaka ankandiyamikira kwa anzawo a kumvano kuti sukulu ya Emma yayamba kubala.

Dzina la Mpopi linatha. Ababa anayambanso kutengedwa ndi alendo. Koma pofika kumapeto kwa mwezi ndinaona kuti zingwe za nsapato sakumanganso mpaka kumwamba.

Tsiku lobwerera kuchipatala linakwana. Adokotala aja anapima, n'kupimanso mkono winawo.

"Bambo, zakwera kuposa poyamba. Mankhwala mukumwa?"

"Tsiku ndi tsiku, adokotala."

Anawadina mwendo ndi chala, ndipo dzenje linatsala pomwepo. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe mtsikana, usaope. Amamwadi?"

Ababa anali akuyang'ana pawindo, chipewa chili pabondo. Ndikanati ayi, ndiye kuti ndawatchula abodza pamaso pa mlendo, iwo ali pomwepo. Ndipo adokotala akanafunsa chifukwa chake. Chifukwacho ndikanachinena bwanji ine, mwana wamkazi, bambo anga akumva? Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Amamwa," ndinatero.

Adokotala anapumira m'mwamba. Anati ngati zili choncho ndiye kuti mankhwalawo achepa mphamvu, n'kuwonjezera ena. Anatinso asiye kaye kusenza zolemera. Potuluka ababa anandigulira mandasi awiri pa geti.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero.

Mapiritsi atsopanowo analowanso m'chitini.

Ndinayesa kuulula. Tsiku lina tikuchapa kumtsinje ndi amayi, ndinayamba kuti, "Amayi, za ababa zija..." Iwo anati, "Zatani?" akufinya malaya, osandiyang'ana n'komwe. Ndinati, "Adyo watha." Tsiku lina ndinatsitsa chitini n'kuika kapiritsi koyera pambali pa kapu yawo. Ababa anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kukabwezera okha m'chitini. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

M'malo molankhula ndinkangowonjezera adyo. Ndinayamba kusinja tizidutswa tisanu m'malo mwa titatu, ngati kuti zimenezo zikanakwirira bodza langa.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, ababa anapeza ulendo wa masiku atatu ndi alendo. Ndinawadzazira botolo la madzi a masamba a mapeyala n'kuliika m'thumba lawo. Tsiku lachiwiri masana ndinali kusenda nandolo pakhonde pamene mwana wa a Pilato anafika akuthamanga. Anati tipite msanga ku Likhubula.

Ndinafika anzawo akuwatsitsa ababa pa machira a mitengo iwiri ndi bulangete. A Pilato anali kutsogolo, mapewa atasupuka. Anawanyamula maola asanu kuchokera pamwamba. Pakamwa pa ababa panali patapotokera mbali imodzi, dovu likutsikira pakhosi, ndipo mkono wamanja unkalendewera kunja kwa machira.

"Anangoti mutu, mutu," anatero a Pilato. "Kenaka anakhala pansi chikwama chili kumsana. Achimwene, ndi Emma uyu. Mwamuona?"

Ababa anandiyang'ana ndi diso limodzi. Anayesa kulankhula koma panangotuluka mpweya.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. M'mawa mwake adokotala a magalasi aja anabwera muwodi ndi buku la ababa m'manja. Anauza amayi kuti abweretse mapiritsi otsala, aone kuti afika pati.

"Emma ndi amene amasunga," anatero amayi. "Pita ukatenge."

Ulendo wonse ndinkaganiza zotaya ena m'chimbudzi kuti aoneke ngati ankamwedwa. Palibe akanadziwa, poti mwini wake sakanathanso kunena. Ndinafika kunyumba, ndinatsitsa chitini, ndinaima nacho pakhomo la chimbudzi nthawi ndithu. Kenaka ndinachikulunga mu chitenje chonse chathunthu n'kubwerera nacho.

Ndinachitsegula pa bedi, kumapazi kwa ababa. Timapepala ta mapiritsi tinatuluka pamodzi ndi nandolo, tina tosatsegula n'komwe. Amayi anatenga kamodzi n'kukatembenuza.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinayang'ana nandolo pa bulangete.

"Emma, ndikufunsa iwe. Kuyambira liti?"

"Julaye."

"Ndiye ankamwa chiyani miyezi yonseyi?"

"Zanga zija."

Adokotala anavula magalasi. Sanakweze mawu. Anafunsa kuti anasiyiranji, ndipo ulendo uno ndinanena, pamaso pa amayi, pa ababa, ndi pa odwala a mabedi oyandikana. Ndinanena za kuima panjira, za dzina lija, za kudumphidwa pa ntchito. Ababa anatseka diso lawo.

"Zokhazo?" anatero adokotala. "Mwana wanga, ukanandiuza tsiku lija. Tikanasintha nthawi yomwera, kapena kuwapatsa mtundu wina. Ambiri amadandaula zomwezo. Adyo wakoyo sindikanakuletsa, bola akumwa ndi awa."

Amayi anatola nandolo mmodzimmodzi pa bulangete n'kubwezera m'chitini. Atamaliza anati, "Kawatengere madzi osamba abambo ako." Ndinapita.

Tsopano papita miyezi isanu. Ababa ali kunyumba. Mapiritsi amamwa onse, ndimawapatsa ndine pa supuni ya phala, ndipo sakana. Mawu amene anabwerera ndi amodzi okha, "eya", ndipo amayankha omwewo pa chilichonse, ngakhale pamene maso awo akunena kuti ayi. A Pilato amabwera Lamulungu lililonse kudzawameta ndevu. Amawauza nkhani za kuphiri, za alendo amene anaterereka, koma akafika poseketsa amangoseka okha pang'ono n'kusiya.

Amayi sanandikalipirepo. Amandilankhula za madzi, za nkhuni, za sopo. Kope la bayoloje lija analipeza n'kuyatsira moto. Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza, ndipo nditawauza anati, "Chabwino," n'kupitiriza kupeta. Palibe amene wafunsa kuti ndipita kuti, chifukwa tonse tikudziwa kuti amayi akapita kotchola tiyi payenera kutsala munthu wowatembenuza ababa.

Kuchipatala anandiphunzitsa kuwaongola dzanja lakufalo m'mawa uliwonse. Sabata yatha ndinafunsa adokotala ngati lidzagwirenso ntchito. Anati miyezi yoyambirira ndi imene imanena zambiri, ndipo miyeziyo yadutsa. Anati ndisasiye, kuti lisaume.

Ndiye sindinasiye. Ndimawakhazika pakhonde, nsana utayang'ana kuphiri chifukwa akaliona amalira. Ndimatenga chala chimodzichimodzi n'kuchiongola, kuwerenga mpaka khumi. Lero nditamaliza ndinawafunsa motsitsa mawu ngati anandikwiyira.

"Eya," anatero.

Ndinasiya dzanja lija pabondo pawo, ndipo zala zinapindikanso pang'onopang'ono.