Sopo Kuseri kwa Kanema

Ntchito ya a Makiyi inali yodula makiyi pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Chaka china anagula wailesi ya kanema yaikulu, yopyapyala ngati chitseko cha kabati, yoonetsa ngakhale thukuta la osewera mpira. Poopa akuba, mlamu wawo wowotcherera zitsulo anaimangirira kukhoma zolimba, n'kungosiya kampata kolowa zala basi.

Kenako kunabwera uthenga wakuti apongozi awo afika Loweruka. Mayiwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuonera chimbale cha ukwati wa mwana wawo, momwe malemu amuna awo ankavina atavala jekete yobwereka. Chithunzi china cha malemuwo panalibe. Pa kanema wakale nkhope yawo inkaoneka ngati ili m'nkhungu, choncho a Makiyi analonjeza pafoni kuti ulendo uno apongozi aona ndi ndevu zomwe.

"Mwalonjeza bwino, bambo a mwana," anatero akazi awo, "koma dividi yathu yoonetsera zimbale ija inafa kale. Yatsopanoyo mudzailumikiza pati? Mabowo a kuseriko munawaona?"

Sanawaone. Mutu sunkalowa, foni inkangojambula mdima. Koma munthu wodula makiyi sasowa chochita ndi bowo losaoneka. Anacheka kachidutswa ka sopo, anakafewetsa ndi madzi, n'kukadinda mwamphamvu kuseri kwa kanema, monga amachitira ndi kiyi woti sangachoke pakhomo pa mwini wake. Chidindo chinatuluka chooneka bwino. Anachikulunga m'kansalu n'kuyamba ulendo wa kusitolo ya zamagetsi.

Mtsikana wogulitsa atafutukula kansaluko anayang'ana sopo, n'kuyang'ana a Makiyi.

"Bambo, bafa ndi khomo linalo."

"Werenga pamenepo, mwanawe. Ndiwo mabowo a kanema wanga."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira shelefu, komabe anapendeketsa sopoyo poyera. "Chabwino. Tozungulira titatuti ndi ta nthambo zakale zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira. Zimagwira ntchito, koma pa kanema wamkulu nkhope zimasungunuka. Koma kabowo kaphwatalala aka, kodulidwa m'makona, ndi ka HDMI. Nthambo imodzi, chithunzi ndi mawu zimadzera momwemo."

Anawaonetsa madividi awiri. A Makiyi anakopeka ndi yaikulu, ya timagetsi tothwanima, koma ataitembenuza anapeza tozungulira tokhatokha. Yaing'ono, yosaoneka bwino n'komwe, inali nako kabowo kaja, ndipo mtsikanayo anati imakonza chithunzi cha chimbale kuti chikwane kanema wamakono. A Makiyi anayerekeza bowolo ndi sopo wawo, anagwedeza mutu ngati dokotala, kenako analoza nthambo yonenepa ya mitu yagolide.

"Imeneyo njolimba, siipindika. Mwati kampata n'kolowa zala zokha? Tengani yowondayi, chithunzi n'chimodzimodzi."

Loweruka apongozi anafika chakum'mawa. Atalonjeredwa, anakhala pampando wa pakati, chikwama pamiyendo, maso pa kanema. A Makiyi anagwada pakhoma, analowetsa zala, anapapasa mpaka kupeza bowo, n'kukankha nthambo. Inakana. Anaitembenuza. Inakanabe. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Pali vuto, apongozi?" anafunsa mayiwo mwaulemu.

"Ayi, amayi, ikungozolowera nyumba."

Akazi awo anawakankha pang'ono ndi chigongono, analowetsa dzanja lawo lowonda, n'kulitulutsa. Ananunkhiza chala.

"Bambo a mwana, sopo uja munabwera naye yense?"

A Makiyi anatulutsa kansalu m'thumba. Pakati pa chidindo panali pobenthuka. Chibenthucho chinali chitatsalira m'bowo, n'kuumiramo gwa.

Apongozi sanaseke. Anangotsitsa maso n'kuyamba kusisita chikwama. "Musavutike, ana anga. Ndidzawaona tsiku lina." Mawu amenewo anawalasa a Makiyi kuposa chipongwe chilichonse.

"Zimitsani magetsi pakhoma," analamula akazi awo. Anatenga kagalasi kodziyang'anira ndi kamtengo kotokosera m'mano. A Makiyi anagwira kagalasi ndi tochi, kumalozera ngati akuimika lole: kumanzere, m'mwamba pang'ono, pomwepo! Tizidutswa toyera tinayamba kugwera pansi. Apongozi nawo anasendera pafupi, kumatola ndi kuunjika pa tebulo, ati sopo satayidwa.

Nthambo inalowa, kuti tswii.

Nyimbo inalira, ndipo pakhoma panatulukira malemu, manja m'mwamba, mikono ya jekete italekezera m'zigongono. Ndevu zinaoneka. Linaonekanso dzino lawo lobenthuka, ndi batani lomangidwa pa bowo lolakwika.

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono, dzanja pakamwa. "Ndi iwowo. Taonani batanilo! Ndinawauza ine asanatuluke m'nyumba!" Anaseka misozi ikutsika, n'kupempha kuti abwezere pomwe ayambira kuvina.

Kanema atatenthera, fungo la sopo linadzaza pabalaza. Mayiwo ananunkhiza, anayang'ana amuna awo pakhomapo, kenako anatembenukira kwa a Makiyi.

"Apongozi, mwachita zazikulu. Zaka zonse zija ndinkachita kuwakokera kubafa bambo amenewa. Lero abwera atasamba okha."