Mayeso a Elube pa Malombe

A Blasius a ku Chikweo anapalasa njinga kuyambira m'bandakucha kuti akaonerere mayeso a mwana wawo Elube pa nyanja ya Malombe. Mtsikanayu anali atatha miyezi itatu pa maphunziro a achinyamata oyendetsa maboti a thanga, ndipo tsikuli ankasankha mmodzi yekha wokapitiriza sukulu ya zapamadzi. Chaka chotsatira Elube akanakhala atapyola zaka zololedwa, choncho mwayi unali womwewu basi.

Bambowa sankakayika n'komwe. Anakulira pa nyanja ya Chiuta akukankha bwato ndi nsungwi, ndipo Elube anayamba kukwera nawo asanagulule mano. Wopikisana naye kwambiri anali Brighton wa ku Nkaya, mnyamata woti madzi ambiri amene ankawadziwa ndi a pamjigo. A Blasius atamuona anaseka chamumtima.

Komatu kumene ankawedza iwo ku Chiuta n'kosaya. Bwato likagudubuzika, munthu amangoponda pansi, madzi n'kulekeza m'chiuno. Ana awo onse anawaphunzitsa lamulo limodzi: ukagwa usalimbane ndi bwato, lisiye, ima. Za kusambira sanaphunzitsepo mwana, poti ngakhale eni akewo sankatha, ndipo sanaonepo vuto lake.

Gawo loyamba Elube analitafuna ngati mtedza. Anakoka chingwe, thanga linadzaza mphepo, boti linakhota mwaukhondo pa chigubu chofiira chimene anaika ngati malire, anzake akadali m'mbuyo kukodwa m'zingwe. A Blasius ankagwira aliyense paphewa, ngakhale osam'dziwa, kumuuza kuti ameneyo ndi wawo.

Kenaka mphunzitsi, a Jamali, anaimba wezulo. Aliyense anayenera kugudubuza dala boti lake pakuya, osalisiya ngakhale pang'ono, kenaka kulidzutsa. A Blasius zimenezi sankazidziwa. Iwo anangoona thanga la mwana wawo litagona pamadzi, mutu wake ukuyandama pambali, manja atakakamira boti. Mtima unawachoka. Anathamangira m'madzi ndi nsapato zomwe, n'kukuwa ndi mawu aja ankaitanira asodzi anzawo kutsidya.

"Elube! Lisiye, ponda pansi!"

Mphepo inkawombera komweko ndipo mawuwo anafika. Mwana womvera uja anasiya boti. Miyendo inafufuza pansi koma panalibe poponda. Jekete yoyandamitsa inamugwira kuti asamire, koma botilo linatengedwa ndi mphepo iye akuphiriphitha, mpaka boti la injini linapita kukamuvuula. Brighton, amene analibe lamulo lina m'mutu koma la a Jamali, anakakamira boti lake ngati nkhupakupa, nalidzutsa movutikira, koma analidzutsa ndithu.

A Blasius anavula chipewa pamaso pa mphunzitsiyo, madzi akuchucha m'buluku.

"Achimwene, wolakwa ndine. Mwanayu anagwira bwino, ndamusokoneza ndine. Muyeseninso."

"Iyayi bambo, sindingathe," anatero a Jamali motsitsa mawu. "Elube ndi katswiri kuposa onsewa, ndikudziwa. Koma ndikamutumiza kunyanja yaikulu akadali wosiya boti, tsiku lina mudzanditukwana pamaliro."

A Blasius anakamupeza Elube atakhala pa mchenga kuseri kwa msasa wosungiramo matanga, atafunda thaulo, akunjenjemera. Kumbali inayo anthu ankaomba m'manja, dzina la Brighton likutchulidwa. A Blasius anakhala pansi chapatali pang'ono ngati mlendo. Ankalakalaka mwanayo atawakalipira, atawanena kuti ndi mbuli, kuti mwina mtima upepukeko.

"A Jamali anakuuza kuti usamasiye boti?" anafunsa.

"Tsiku lililonse, ababa."

"Nanga unasiyiranji?"

Elube anawayang'ana modabwa, maso ali psuu.

"Munaitana ndinu."

Kenaka mtsikanayo anapinda bwinobwino jekete ija kuti akabweze, nadzipukuta kumaso.

"Koma pa chigubu paja munaona mmene ndinakhotera?"

"Ndinaona, mwana wanga."

"Kunyumba mukawauze zimenezozo amayi. Zinazi ndikanena ndekha, ndipo sindikatchula kuti munakuwa."

A Blasius anadzuka kukatenga njinga, koma atafika anangogwira chishalo n'kuyamba kulira, anthu akudutsa.